Mapesi a Esinati

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, koma mtima wakhala m'malo.

M'mawa ndinapita kumunda wa kumtunda, umene ndinalola mwana wanga Esinati kuyalamo mapesi monga akuwaphunzitsira kusukulu. Aphunzitsi ake akuti tisamaotche chifukwa nthaka yatopa, ndipo akuti ana a ku Mbulumbuzi akuphunziranso zomwezo. Ine chiyambire kulima ndimasosa n'kuotcha zonse, mizere n'kuiwongola ndi chingwe. Lero mundawo ukuoneka ngati mwini wake wadwala.

Alamu anga a Nampinga anaima panjira ndi njinga yawo. "Alamu, khasu linathyoka? Kapena ndikubwerekeni machesi?"

Ndinaseka nawo, koma manyazi anandigwira. Atapita ndinapisa dzanja pansi pa mapesi. Dothi linali lozizira, pamene la panjira linkaotcha phazi. Chiswe chilimo ndithu. Chikadzagwetsa chimanga, njala idzakhala ya nyumba yonse.

Madzulo ano Esinati wandifunsa ngati ndasintha maganizo. Ndamuuza kuti ayi, chaka chino mundawo ndi wake, sindiotcha. Koma osaka mbewa akangodutsako ndi moto wawo, sindikudziwa kuti mwanayu ndidzamuuza chiyani.