Kazitape wa Pamkono

Lolemba, 9 Juni

Andimanga kawotchi kosauza nthawi. Kakuda, kopanda manambala, kothina pamkono wamanja ngati chingwe cha mbuzi. Adokotala, mtsikana woti ndikanamubereka ine, akuti kazimva mmene dzanja likunjenjemerera n'kumatumiza ku kompyuta yawo kudzera pa foni. Milungu iwiri. Kenako aone ngati mankhwala a Pakinisoni akundikwana.

Ndinati, "Nanga maso anu atani? Dzanja si ili?"

Anaseka. "Agogo, ine ndimakuonani kanthawi kochepa. Aka kakhala nanu ngakhale kubafa."

Ndiye kazitape ameneyo. Ndakapatsa dzina lomwelo.

Amene wasangalala ndi Manijala. Mwana wanga yemweyu, amene ndinamugwiritsa chipeso asanadziwe kupukuta mamina. Chichitikireni za khutu la kasitomala uja mwezi wa Malichi, sandilola kugwira mashini m'babashopu yomwe ndinayamba ndekha ndi mpando umodzi ndi kagalasi kosweka. Kadontho kamodzi ka magazi. Munthuyo anatembenuka yekha kuti aone chigoli pa TV, koma mlandu unagwera dzanja langa. Pano ntchito yanga ndi kukhala pabenchi pakhomo, kupereka moni ngati chikwangwani.

Potuluka m'chipatala akuti, "Bambo, tsopano tisiya kukangana. Makina anena okha." Akudikira umboni woti andichotseretu. Ndamumva.

Lachiwiri, 10 Juni

Kuwonjezera pa kazitape, pali masewera a pafoni m'mawa uliwonse. Kugogoda timadontho tiwiri ndi zala mofulumira. Kujambula mzere wozungulira ngati chigoba cha nkhono. Kenako kunena "aaaa" mpaka mpweya uthe. Mayi a ana amatsuka mbale, anasuzumira n'kuti, "Mwalowa kwaya paukalamba?"

Nkhono yanga inatuluka ngati yopondedwa ndi njinga.

Sukulu ndinalekera panjira, koma zilembo zanga zinali zazikulu, zooneka. Pano mzere ukamafika kumapeto zimasanduka nyerere. Ndayamba uno ndi zazikulu mwadala. Si izi zachepanso.

Lachinayi, 12 Juni

Kwabwera aPhunzitsi. Anapuma ntchito kalekale koma dzinalo silinapume. Ndawameta chiyambire tsitsi lawo lili lakuda.

"aSizasi, mukadali moyo?"

"Ndilipo aPhunzitsi. Koma inu mwasanduka tchire."

Zoonadi. Chindichotsereni pampando, iwo sanametedwe. Mutu uli mbuu ngati thonje losakolola. Manijala anakutumula nsalu n'kuti akhale, awameta ulere. Iwo ayi. "Mutu uwu uli ndi mwini wake. Kumbuyo kuno kuli kachulu, anyamata inu mumangokalima ngati msewu."

Anakhala nane pabenchi. Mwana wawo wamkazi akukwatiwa Loweruka la sabata yamawa, ndipo mayi akunyumba kwawo anena kuti akapita chonchi, pazithunzi sakhalapo. "Ndiye mundimeta liti?" Anafunsa mokweza dala.

Manijala, mashini ali pamutu pa munthu, osacheuka: "Tidikire adokotala."

Kwa adokotala tibwerera pa 23. Ukwati uli pa 21. Amadziwa kuwerenga mwana ameneyu, ndinamulipirira sukulu ndine.

Lachisanu, 13 Juni

Dzanja lavina tsiku lonse pabenchi. Ndinalikhalira. Kazitape alembe kuti ndinagona.

Lamulungu, 15 Juni

Ndatulutsa mashini anga akale m'sutikesi ya pansi pa bedi. Aja achingwe, olemera, olira ngati njuchi zili m'chitini. Ndatsuka mano ake ndi kaburashi, ndathira mafuta. Sizasi ndanola.

Chimene palibe akufuna kumva ndi ichi: dzanjali limavina likakhala lopanda chochita. Likagwira chinthu limakhala chete. Ndinamuuza Manijala, akuti, "Amenewo ndi maganizo, bambo." Lero nthawi yonse ndimanola sizasi silinagwedezeke. Nditangoiika patebulo, layambanso, chala chachikulu kusisita chinzake ngati likupota ulusi.

Mayi a ana anandipeza ndikukulunga zonse m'thaulo. Anayang'ana thaulo, anayang'ana ine.

"Ine sindinaone kanthu," anatero. "Koma munthu akabwera ndi khutu m'manja, musanditchule."

Lolemba, 16 Juni

Ndinapita kwa aPhunzitsi masana, nthawi imene Manijala amayesa ndagona. Tinakhala kuseri kwa nyumba, chingwe cha magetsi chodutsa pawindo, galasi atatsamiritsa pa ndowa.

Mashini atangolira m'dzanja mwanga, mtima unakhala pansi. Ndinayambira kumanzere monga mwa nthawi zonse. Thonje lija kumangogwa pansalu. Kenako sizasi ndi chipeso kusalaza pamwamba pa khutu, tsetse tsetse, ngati sindinasiyepo. aPhunzitsi anatsinzina n'kuyamba kudandaula za mkamwini wawo, kuti amayankhula ngati wailesi yopanda batani lozimitsira. Ndinaganiza kuti bwenzi Manijala ataona.

Nditafika pa kachulu kaja, zala zinayamba kulemera. Osati kunjenjemera ayi. Kuuma. Sizasi kutsegula ngati chitseko cha dzimbiri. Ndinafuna kuzungulira kumanja, phazi lakana kunyamuka, ngati lamatidwa pansi. Ndinaima choncho, sizasi ili pafupi ndi khosi la munthu.

Ndinaiika pansi.

aPhunzitsi anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. "Kumanzere ndine bambo a mkwatibwi. Kumanja ndine wothawa kundende." Anatenga chipewa n'kuvala. "Tidzamaliza, aSizasi. Khalani kaye, ndikaphike tiyi."

Magazi sanatuluke. Koma kubwerera ndinayenda ngati nkhuku yonyowa.

Lachiwiri, 17 Juni

Sindinapite kubenchi. Nkhono ya lero yaipa kuposa zonse. Mwina mwanayu sakunama. Sindidzamuuza.

Lachitatu, 18 Juni

Ndinaiwala kuti ndinapita ndi kazitape.

Anamwino aimbira Manijala, chifukwa kuchipatala tinasiya nambala yake. Akuti kompyuta yaonetsa kuti Lolemba masana dzanja langa linanjenjemera moti sanaonepo, ndiye tisadikire pa 23, tipite mawa.

Manijala watseka babashopu dzuwa likadali pamwamba, chinthu chimene sachita ngakhale akudwala. Ndimayembekeza kuti alowa ndi nkhope ya "ndinanena ine". Koma anakhala pa kampando kakang'ono ka mayi ake, mawondo m'mwamba, n'kumandiyang'ana manja.

"Bambo, Lolemba munagwa?"

"Ndinagona."

"Simunamve kanthu? Mutu? Chizungulire?"

"Ndati ndinagona."

Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Mukamabisa, ine ndidziwa bwanji?" Mawu ake anatuluka opyapyala ngati ali mwana. Mayi ake kukhitchini anagwetsa chivundikiro cha poto, ndipo sichinagwe chokha.

Ndikakhala chete, anena kuti matenda akula, andiwonjezere mankhwala, benchi lomwe andichotsepo. Ndikanena, ndine wakuba wogwidwa ndi mashini ake omwe, ndipo afunsa kuti mutuwo unatha bwanji. Kulikonse kuli minga.

Lachinayi, 19 Juni

Adokotala anatembenuza kompyuta kuti tonse tione. Masiku anga onse ali pamenepo ngati mapiri ojambula. M'mawa mzere uli pansi, masana ukukwera, tsiku lililonse chimodzimodzi. Ngakhale Lachisanu lija ndinalikhalira dzanja, kaphiri kake kalipo. Koma Lolemba pali khoma lakuda bii, lofika kumwamba.

"Kompyuta inachita mantha, inenso ndinachita mantha," anatero. "Koma nditayang'anitsitsa, dzanja la munthu silinjenjemera mofulumira chonchi. Agogo, munagwira chiyani? Munakwera njinga yamoto?"

Ndinayang'ana pansi. Matailosi a m'chipindamo ndi oyera, limodzi ndi long'aluka pakona.

"Mashini ometera."

Manijala anatembenuka ndi mpando womwe. "Mwameta ndani?"

"Theka la aPhunzitsi."

Adokotala anagwira pakamwa. Kenako analoza patsogolo pa khoma lija, pamene mzere wagona pansi ngati madzi a m'beseni. "Nanga apa?"

"Sizasi."

Anati zimenezo sizodabwitsa, matendawa nthawi zambiri amavinitsa dzanja likamapuma, likagwira ntchito limadekha. Ndinamuyang'ana Manijala. Iye maso pa kompyuta. Miyezi yonseyi ndikunena ine anali maganizo, lero wanena kazitape ndi nzeru.

Koma sindinasangalale nthawi yaitali. Analoza patsogolo pang'ono. "Apa dzanja lachedwa kwambiri, latsala pang'ono kuima. Ndipo masana onse likumachedwa chonchi. Piritsi la masana mumamwa nthawi yanji?"

Ndinati la masana sindimwa. Ndimwerenji, poti ndimangokhala pabenchi? Kupereka moni sikufuna mankhwala.

Apo ndiye mtsikana uja anandikalipira ngati mwana wa sukulu. Akuti choopsa pa ntchito yanga si kuvina kwa dzanja koma kuuma kuja, ndipo kumabwera mankhwala akatha m'thupi. Akuti nthawi yanga yabwino ndi m'mawa, pakapita ngati ola nditamwa. Lezala ndiiwale. Pafupi pazikhala munthu. Ndiponso sizikhala chonchi mpaka kalekale, matendawa amayenda, n'chifukwa chake kazitape azibwerera pamkono nthawi ndi nthawi.

Manijala anafunsa, "Ndiye angamete kapena ayi?"

"Kompyuta imayeza dzanja, achimwene. Za mpando mukakambirane kunyumba."

Tinabwerera pa basi. Potsika Manijala anandigwira chigongono. Ndinafuna kuchotsa, koma sitepe inali yaitali.

La masana ndamwa. Mayi a ana anaima pompo mpaka nditameza.

Lachisanu, 20 Juni

aPhunzitsi apita kwawo chipewa chili m'manja. Kachulu kabisika bwinobwino. Pazithunzi akhalapo.

Koma chimene ndikufuna kulemba ndi cha m'mawa.

Ndinamwa piritsi ndi tiyi, ndinagogoda timadontho, ndinaimba "aaaa" wanga, n'kunyamuka ndi thaulo lija m'khwapa. Palibe anandiitana. Ndinati ndikakhala pabenchi, zikavuta tipitanso kuseri kwa nyumba.

Ndinapeza aPhunzitsi afika kale, chipewa chokokera mpaka m'makutu. Manijala amasesa. TV yozimitsa, chinthu chachilendo. Iye anayang'ana thaulo langa, anayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Mwamwa nthawi yanji?"

Ndinamuuza.

Anatsamiritsa tsache pakhoma. Anavula jekete yake yoyera yometera, n'kuikoleka pa msomali. Kenako anakhala pampando wa makasitomala, n'kudzimanga yekha nsalu m'khosi.

"Yambani ndi ine. Mukandidula khutu, aPhunzitsi apita ndi chipewa ku ukwati."

"Iwe, fulumira kudulidwa," anatero aPhunzitsi. "Enafe tili ndi mkamwini wotidikira."

Ndinayala thaulo pashelefu. Chipeso kumanzere, sizasi kumanja. Dzanja linali kuvina pang'ono mpaka pamene zala zinalowa m'mabowo a sizasi.

Mutu umenewu ndinaumeta komaliza ali pasukulu, akulira kuti ndamuchepetsa kwambiri anzake amuseka. Kuyambira pamenepo amametedwa ndi anzake. Nditalowetsa chipeso kuseri kwa khutu ndinapeza imvi. Osati imodzi. Kagulu ndithu, kobisala. Sindinadziwe kuti mwanayu ali ndi imvi.

Pagalasi anali kundiyang'ana. Osati dzanja. Ine.

"Weramitsa mutu," ndinatero.

Anaweramitsa.