Mkamwini Wodikira ku Kasina

Wokondedwa Agnesi,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko ku Namibia. Kuno tilipo. Mwana wathu Zondiwe chifuwa chija chinamusiya, koma mayi ako miyendo ikuwavutabe ndi chisanu cha Juni. Kachewere ndakumba, wachita bwino.

Uthenga wako ndinaulandira. Ndinabwereza kuwerenga pamene ukunena kuti makina anu aja atheka, kuti tsopano mukupatula mpweya wa haidirojeni m'madzi ndi magetsi a dzuwa popanda zitsulo zodula zija, ndi kuti fakitale ya simenti yavomera kuyesa mpweyawo m'malo mwa malasha. Ndinanyadira, Agnesi. Koma nditafika pamene ukuti akuwonjezera zaka zina zogwira ntchito kumeneko, foni ndinangoiika pansi.

Mwana wathu anandifunsa kuti kodi amayi ake amagwira ntchito yanji kwenikweni. Ndinabwereka batire ndi mawaya kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndinasongola mapensulo awiri mbali zonse, n'kuwaviika m'tambula ya madzi othira soda. Tithovu titayamba kukwera, ndinamuuza kuti ntchito yako ndi imeneyo, kungoti yako ndi yaikulu, yoti mafakitale aleke kufuka utsi. Anayang'anitsitsa osaphethira. Kenako anafunsa kuti ngati zimatheka patebulo pathu pomwepa, unapitiranji kutali.

Koma chandilembetsa kalatayi n'china.

Lamulungu titaweruka ku misa, amalume ako a Yohana anasonkhanitsa abale kuti akambirane za dimba lako lija la kumtsinje. Ndinapita nawo. Pakhomo anandiuza, mwaulemu ndithu, kuti nkhaniyo ndi ya eni mbumba, ine ndiyambe ndadikira panja. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mapichesi mpaka anatuluka. Dimbalo alipereka kwa msuweni wako. Akuti mwini wake sakudziwika tsiku lobwera.

Ndi dimba lomwe ndakhala ndikuthirira ndekha chichokereni iwe. Kabichi wanga akadali momwemo.

Sindikuwada. Mkamwini amamveka kudzera mwa mkazi wake, ndipo wanga palibe. Anthu amandipatsa moni bwinobwino, koma palibe amene amakhala pansi kuti ticheze. Ndikaweruka kusukulu ndimalankhula ndi mwana, mwanayo akapita kosewera ndimatsegula wailesi.

Achimwene anga a Rafaelo atamva, anakwera minibasi kuchokera ku Chimbiya. Anati ndilongedze ndibwerere kwathu, sukulu ziliko, ndikapemphe kusamutsidwa. Anatinso Zondiwe atsale ndi agogo ake, poti mwana ndi wa kuchikazi. Ndinawauza kuti mwana wanga sindingamusiye. Iwo anangoti ndiganize bwino, abweranso mwezi ukatha.

Agnesi, sindikunena kuti usiye ntchito. Ndikukumbuka mmene unkawerengera uku Zondiwe ali kumbuyo, ndipo sindingakhale ine wokutchinga pamene zayamba kutheka. Ndikupempha chimodzi mwa ziwiri. Ubwere, ngakhale kwa sabata, ukhale pakhonde pano masana anthu akuona, uwauze amalume ako ndi pakamwa pako kuti ndikadali mwamuna wako. Ngati sizingatheke, tiitane, ine ndi mwana. Choko ndingagwire kulikonse.

Ukangokhala chete, sindikudziwa chimene ndidzawauze achimwene.

Mulungu akusunge ndipo adalitse ntchito ya manja ako. Undiperekere moni kwa anzako a kuntchito. Mayi ako akupereka moni. Zondiwe wakana kuti ndimulembere wake, akuti adzakupatsa yekha ukadzabwera.

Ndine mwamuna wako,
Gervazio