Mphemvu za m'Chipinda cha Amayi

Mtunthama,
Kasungu.
9 Julaye 2024

Okondedwa achimwene anga a Tariq,

Asalamu alaikum. Muli bwanji ku Joniko? Alamu anga a Rahila ali bwanji, nanga ana? Ndamva kuti chaka chino kumeneko kwazizira koopsa. Kuno tilipo, Alhamdulillah. Anthu akumaliza kusankha fodya, mabelo ambiri apita kale ku okushoni, ndipo mphepo ya fumbi yayamba.

Musadabwe kuti ndalemba pa pepala ngati masiku akale. Ndinayesa katatu kujambula mawu pa foni, katatu konse ndinafufuta. Ndiye ndalemba, ndipo mapepalawa ndiwajambula ndikutumizireni. Muwerenge muli nokha.

Paja munandiuza kuti ndichoke ku Njombwa ndidzakhale ndi ababa mwezi umodzi, poti chimwalirireni amayi akhala okha. Ndinabwera ndikuyembekeza kupeza munthu wowonda. Ndinapeza ababa atanenepa, akusesa m'sitolo uku akung'ung'udza kanyimbo. Chimodzi chokha chinandidodometsa: chipinda cha amayi chinali ndi loko, kiyi ali m'thumba la mkanjo wawo.

Tsiku lachitatu ndinapita kuchigayo. Amayi ena pamzere sanandizindikire, ndipo ankakamba za ababa, Che Bakili a sitolo. Akuti anakhwima. Akuti m'mawa uliwonse amalowa m'chipinda ndi madeya ndi masamba, n'kumalankhula ndi zinthu zimene akusungamo. Wina anawonjeza kuti mkazi wawo uja sanafe ndi shuga ayi. Achimwene, ufa ndinanyamula wa munthu wina, anachita kundithamangira.

Nditafika kunyumba ndinawafunsa ababa. Sanabise kanthu. Anaseka, natsekula chitseko.

Mphemvu, achimwene. Mabeseni akuluakulu asanu ndi limodzi, onse odzaza. Musaganize za timphemvu ta m'khitchini, izi n'zonenepa ngati chala chachikulu cha mwamuna, zili nyakanyaka pa mathireyi a mazira oimikidwa m'mabesenimo. Phokoso lake ngati mvula yowaza pa malata. Bulangeti lofiira la amayi lija linali litafunditsidwa pamwamba kuti zisamve kuzizira.

Ababa athu omwe aja, amene ankatichotsa pa chakudya tikapanda kuwenga zikhadabo.

Anandifotokozera modekha. Pa sukulu yogonera komweko pali mphunzitsi wa sayansi, a Frazer Mphepo, amene ankasunga abuluzi awiri akunja m'bokosi lagalasi, ana n'kumaphunzirira. Abuluziwo sadya chakufa, amafuna choyenda. Miyezi itatu amayi atatisiya, a Mphepo anapatsa ababa mphemvu makumi awiri m'chitini kuti ayese kuweta, poti kwawo zinkangofa. Kwa ababa zinaswana.

Anandionetsa zonse ngati munthu woonetsa mlendo khola la ng'ombe. Yaimuna ili ndi mapiko, yaikazi ilibe. M'mphepete mwa beseni amapakamo vaselini kuti zisakwere. Madzi amanyowetsa pa thonje kuti tiana tisamire. Zimadya madeya osefa, makoko a nthochi ndi mpiru wa kudimba kwa a Kalekeni, anzawo a bawo aja, chifukwa mpiru umenewo sapopera mankhwala. Lachisanu lililonse amasankha zokwanira, n'kupititsa kusukulu pa njinga.

"Mwanangu," anatero, "ndikachoka kumzikiti ku swala ya m'mawa ndimakhala ndi pofikira. Kale ndinkangokhala pakhonde kuyang'ana msewu."

Ine zimenezo sizinandilowe. M'makutu mwanga munali mawu a kuchigayo aja, ndipo m'maso mwanga munali bulangeti la amayi. Ndinangovomera ndi mutu, iwo n'kuyesa ndamvetsa. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kukhoma chipindacho.

Tsopano mumve chimene ndinachita.

Lachisanu, ababa atapita kumzikiti, ndinatenga zitini ziwiri za mankhwala opopera tizilombo pa shelefu ya m'sitolo mwathu momwemo. Ndinavundukula mabeseni onse n'kupopera. Pafupi ndi chitseko panali chitini chobowolabowola, momwe anali atasankhiramo za a Mphepo. Ndinadutsitsapo kamodzi, mankhwala ali pafupi kutha. Kenako mantha anandigwira. Ndinatsekula zenera, ndinafukiza ubani, zitinizo ndinakaponya m'chimbudzi. Mukudziwa kuti chidwalireni Covid ababa samva fungo.

Ndinkaganiza kuti akabwera alowa kaye, aone, andikalipire, nkhani ithe. Sanalowe. Anali atachedwa, ndiye anangotambasula dzanja pakhomo, natenga chitini chija, nakwera njinga. Ine ndinali nditaima pakhonde. Ndikanatha kukuwa, anali asanafike n'komwe pa mjigo. Sindinakuwe.

Atabwerera anapeza zonse zitagona chagada, zina miyendo ikuphiriphitha. Anagwada pansi n'kumazitembenuza imodziimodzi, kufuna yoti ingapulumuke. Palibe. Anazithira m'thumba la feteleza n'kukazikwirira okha kuseri kwa chigafa, osalola kuti ndiwathandize.

Loweruka m'mawa a Mphepo anabwera wapansi, maso ali ofiira. Abuluzi onse awiri anali atafa. Mmodzi anakhala naye zaka zisanu ndi zinayi. Munthuyo sanakalipe, anangofunsa kuti kodi mphemvuzo zinadya chiyani sabata imeneyo. Ine ndinali pomwepo, ndikuthira tiyi m'makapu.

Ababa anaganiza pang'ono, kenako anati mpiru.

Anavala nsapato n'kulunjika kwa a Kalekeni. Anawapeza akudinda mabelo a fodya ndi antchito awo, ndipo pamaso pa anthu onsewo anawanena kuti awapatsa masamba opopera mankhwala a fodya. A Kalekeni anakana, mpaka kulumbira, munthu amene ndi mkulu wa mpingo. Ababa anawatcha wabodza. Ababa athu, amene sindinawamvepo akukweza mawu kwa munthu wamkulu. Ndinauzidwa kuti antchito anasiya jeke yodindira mabelo n'kungoima kukamwa kuli yasa.

Zaka makumi atatu anthu awiriwa akhala akudyera mbale imodzi, wina wa kumzikiti wina wa kutchalitchi, osayambanapo. A Lefina, akazi awo a Kalekeni, ndi amene anatiphikira masiku onse a maliro a amayi. Lero akafuna mchere amadutsa sitolo yathu osacheuka. Bawo lija a Kalekeni anadzalisiya okha pakhonde pathu, osagogoda.

Ndipo kuchigayo nkhani yakula. Tsopano akuti zinthu zija zafa chifukwa a Kalekeni anazitulukira, ndiye n'chifukwa chake Che Bakili alusa. Ndinkati ndikuzimitsa moto, koma ndauthira parafini.

Ababa sakudya. Sitolo amatsekula mochedwa. Mabeseni aja anawatsuka n'kuwasanja pakona, koma tsiku lililonse amalowabe m'chipindamo, n'kukhala pa bedi la amayi. A Mphepo anabweranso kudzanena kuti mnzawo wina ku Lilongwe angatipatse mbewu ina ya mphemvu, tiyambirenso. Ababa anakana. Anati munthu amene wapha chiweto cha mnzake asapatsidwenso china.

Dzulo ndinawapititsira phala. Anandigwira dzanja n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Zuleka," anatero, "pa anthu onse amene anaona ziweto zanga, ndiwe wekha amene sunandiseke."

Ndinasiya phalalo pomwepo n'kuthawira kuseri kwa nyumba.

Achimwene, papita masiku khumi ndi limodzi, ndipo sindikudzizindikira. Ndimadziyang'ana manja n'kumadabwa kuti ndi omwewa. Amuna anga sindinawauze. Inu ndinu woyamba.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Lachisanu likubwerali, akangochoka kumzikiti, ndiwauza zonse. Inu muwaimbire foni cha m'ma thuwu koloko, ndipo musadule msanga ngakhale atakhala chete. Musandiikire kumbuyo. Akanena kuti ndichoke, ndinyamula chikwama changa, ndi zondiyenera. Koma muwachonderere kuti ndisanachoke andilole ndiwaperekeze kwa a Kalekeni, ndikagwade pamaso pa antchito omwe aja ndi kunena ndekha. Ababa sangathe kupita okha, manyazi angawaphe. Ndipo ngati angakumvereni, muwauze alandire mbewu ya ku Lilongwe ija. Mathireyi ndikawapempha ndine kwa ogulitsa mazira.

Chonde musathamange kuwaimbira lero. Ndikufuna amve kwa ine, akundiyang'ana m'maso.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Jafar ndi kwa Esime wamng'onoyo. Anawo musawauze za azakhali awo. Allah akusungeni, akupatseni thanzi ndi mtendere pa ntchito yanu, ndipo inenso mundikumbukire m'maduwa anu mukamapemphera.

Ndine mlongo wanu,
Zuleka Bakili