Lumo la Azakhali

Lachisanu, ku Lupembe. Kwatentha, mtima uli zii.

Lero kunali kumeta maliro a amayi. Ndinafika kuchokera ku Scotland atawaika kale, choncho mwambo umenewu ndi wokhawo umene unanditsalira.

Chichokereni kupita ku yunivesite kuja sindinamete. Kunkazizira, komanso amayi ndiwo ankandimeta kuyambira ndili mwana. Ndinkati adzandimeta okha ndikadzabwera, uku akundiseka. Ndinaiwala kuti kuno mwamuna wa tsitsi lalitali ali ndi mlandu. Pabwalo la ndege wapolisi anandikhazika pampando, anandimeta mpala, nkusunganso pasipoti yanga. "Uyu waphunzira zoipa kunjako," anatero.

Ndiye lero azakhali atafika pa ine ndi lumo, anandivula chipewa, nkungoima.

"Iwe mwana wane, wakumeta ndani? Amayi ako unawalirira kuti?"

Ndinayang'ana kumbali. Atcheyamani a chipani anali pamkeka womwe tinakhalapo.

Azakhali ananyowetsabe mutu wanga, nkuyendetsa lumo pakhungu lokhalokha, pang'onopang'ono, mpaka kumaliza. Atatambasula dzanja, munalibe choti akakwirire pamodzi ndi tsitsi la abale anga.

Mabuku anga ndinawasiya otsegula patebulo ku Scotland. Mayeso ayandikira, ndipo sindikudziwa ngati pasipoti adzandibwezera. Ndawerenga zambiri za imfa, koma palibe buku limene likundithandiza. Ndikungoganiza za tsitsi lija, kuti munthu wina analisesa ndi tsache, kaya analitaya kuti. Amama, ndinakusungirani, ndithu ndinakusungirani, koma...