Lamba Amene Munadula Uja

Quelimane, Ogasiti 1996

Okondedwa mphwanga Afonso,

Moni nonse ku Majaua. Kodi mwendo uja ukukulolani kupita kudimba? Ine ng'ala ija andichotsa, diso layamba kuona. Wagwira cholembera ndi mkazi wa mwana wanga Arlindo, koma mawu ndi anga.

Kuno kwavuta nkhani ya malamba a m'galimoto. Apolisi alimbitsa lamulo, ndipo madalaivala pasiteji akuti ndi njira yodyera anthu basi. Nanenso ndinkatero. Inu mukudziwa, nthawi ya nkhondo tinkakwera galimoto dzanja lili pachitseko, kuti mfuti ikalira tidumphire m'tchire. Kudzimanga kunali kudzipereka.

Tsono tikuchokera kuchipatala anatiimitsa wapolisi wamkazi, kamtsikana ndithu. Arlindo anandinong'oneza kuti ndimange, ndinakana. Ndinamuuza mtsikanayo kuti ine ndinaoloka Ruo ana ali kumsana, sindimangidwa ngati thumba la chimanga. Sanakalipe, ndipo sanatambasule dzanja. Anavula chipewa n'kundiyankha m'Chilomwe kuti iyenso anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, kudumphako akukudziwa. Koma anati chibwerere mtendere, anthu amene wawatola pamsewu sanafe ndi chipolopolo, anatulukira pagalasi. Kenako anati palibe changu, adikira kufikira agogo ataganiza bwino. Anaimadi, dzuwa lonse lija, osasuntha.

Ndinamanga ndekha, musamve zoti wina anandigwira mkono. Asilikali ndawaona ambiri, koma wouma mutu mwaulemu chotere ndinali ndisanamuone. Madalaivala aja masiku ano akandiona amayamba kupukuta magalasi, poti ndimawatsutsa pa nkhani ya malambayi.

Pempho langa ndi limodzi. Lamba wa mpando wakutsogolo m'galimoto ya mkamwini wanga Dércio munadula inuyo, n'kumamangira matumba a nyemba panjinga. Mkazi wake Zefa masiku ake ayandikira, ndipo msewu wopita kuchipatala ku Milange maenje ake mukuwadziwa. Muuzeni Dércio aoloke ku Muloza akapeze lamba wina womanga ndi mabawuti, osati zosokerera ndi ulusi. Mwana wanga asakwere pampando umenewo usanakonzedwe. Akachita makani nditumizireni mawu, ndikwera shapa, minibasi ya kuno, diso lisanapole.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa azakhali, kwa Zefa ndi adzukulu onse. Dércio moni wake adzaulandira lamba akaikidwa.

Ndine mkulu wanu,
Basílio