Kamera ya M'chipinda cha Amayi

14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka. Amayi anatuluka m'chipatala Lachiwiri. Fupa la m'chiuno silinathyoke, langong'aluka, ndipo adokotala akuti akapuma mokwanira ayambanso kuyenda ndi ndodo. Zimenezi ndinakuuzani kale pafoni. Zomwe ndikulemba pano ndi zija zimandikanika kutuluka pakamwa.

Munandituma kuti ndikakalipire a kampani ya mafoni chifukwa kamera ya m'chipinda cha Amayi inasiya kuonetsa. Asiyeni, alibe mlandu.

Mukukumbukira kuti modemu yakale ya intaneti itapsa ndinagula ina. Ndinaikamo simu yomwe ija, dzina la netiweki ndi pasiwedi ndinasiya zomwezo. Foni yanga, laputopu, ndi foni ya mayi wotithandiza uja zinalowa zokha. Zimatero chifukwa modemu ikalandira adiresi yake imodzi kuchokera ku kampani, m'nyumba imagawa maadiresi ena yokha. Chipangizo chikalowa chimapempha, modemu n'kuchipatsa nambala, n'kuchiuzanso kuti chipata chotulukira kunja ndi iyo yomwe. Kamera yokha ndiyo sinkapempha. Inu musanachoke munailembera adiresi pamanja kuti isamasinthesinthe, ndipo pa chipata munalemba nambala ya modemu yakale. Yatsopanoyi imagawa manambala a mtundu wina. Choncho kamera inkayaka, kagetsi kake kobiriwira kankaoneka, koma zithunzi inkazitumiza kuchipata chomwe kulibe.

Izi ndinazizindikira tsiku lomwelo. Ndi ntchito yanga, kuofesi ndimakonzera anthu zomwezi madzi a tiyi asanawire. Ndinatsegula laputopu patebulo lija la mankhwala, ndinaona manambala osiyanawo, kenaka ndinaitsekanso.

Ndikanakonda kunena kuti ndinachitira Amayi, kuti munthu wamkulu asamaonedwe akuvala. Koma si zoona, ndinadzichitira ndekha. Ndinatopa nawo mafoni anu: bwanji makatani sanatsegulidwe, bulangete lija lili kuti, kapu ija yakhala pamenepo kuyambira dzulo. Ndinkalowa m'chipindamo nditakonza nkhope ngati wantchito watsopano. Kamera itazima ndinapumako. Inu mukafunsa ndinkangoti, "Netiweki, achimwene, mukukudziwa kuno," ndipo munkandikhulupirira.

Amene sindinawaganizire ndi Amayi. Sindinawauze kanthu, ndipo kagetsi kaja kanali chiyakire. M'mawa uliwonse ankakonza mpango wawo, n'kuyang'ana pamwamba pa kabati pomwe pali kamerayo, n'kukweza dzanja kukupatsani moni. "Bwana wanga, wadzuka bwanji kumeneko?" Ine ndinkamva ndili pakhomo, nsapato zili m'manja, n'kumapita kuntchito.

Tsiku lomwe anagwa, mayi wotithandiza anapita ndi mwana wake kuchipatala. Amayi anaterereka pakati pa bedi ndi kabati cham'mawa, ndipo aneba anawapeza masana. Ndaunika bwinobwino monga mwa chizolowezi changa, ndipo nthawi yomwe mumapuma kuntchito n'kutsegula foni inagwera mkati mwa maola amenewo. Fupa likanang'aluka ndithu, izo palibe akanaletsa. Koma sakanagona pasimenti theka la tsiku.

Dzulo ndikuwapaka mafuta kumsana anayamba okha.

"Ndinkamuitanatu mchimwene wakoyo. Dzanja ili ndinalikweza mpaka linachita dzanzi."

Ine ndinangopitiriza kuwapaka mafuta.

"Usakamuuze, iwe. Mwina anali ndi mabwana ake. Munthu sangasiye ntchito chifukwa cha nkhalamba yoterereka ngati mwana wophunzira kuyenda." Anaseka pang'ono, kenaka anati, "Komabe kungoimbira aneba, kaya kumatenga nthawi yaitali bwanji masiku ano."

Achimwene, Amayi akukhulupirira kuti munawaona ali pansi n'kutseka foni. Akukukhululukirani tsiku ndi tsiku pa mlandu womwe simunapalamule, ine ndili pambali n'kumamvera.

Kamera ndaikonza lero m'mawa. Adiresi ya pamanja ija ndaichotsa, tsopano ikupempha ngati zinzake, ndipo modemu ndaiuza kuti iziipatsa nambala yomweyomweyo nthawi zonse. Mukhoza kutsegula. Muona kuti aonda. Muonanso kuti bedi lasintha malo. Anapempha kuti tilitembenuze liloze kuzenera, lifulatire kamera, akuti akufuna mpweya.

Pempho langa ndi limodzi: musawauze ndinu. Loweruka likubwerali muimbe masana, ine ndidzakhala pambali pawo, ndipo ndidzanena ndekha inu mukumva. Ndayesapo kuwauza tili awiri, koma nthawi zonse ndimathera kufunsa ngati akufuna pilo wina. Mukakhalapo sindidzapeza pothawira. Zondikalipira mudzandikalipire pambuyo pake, ndidzazilandira zonse.

Alamu muwapatse moni, ndi ana omwe. Aneba akupereka moni. Amayi ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Akuti musadandaule za iwo, akudziwa kuti ntchito ndi yambiri kumeneko, ndipo akuti muzidya mokwanira.

Ine,
Mlongo wanu