Ndikapita, Dimba Lanu Lipita

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno ku Domasi tilipo ndithu. Chisomo, mwana wa achemwali anu uja, wabereka mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Chimanga chinapsa ndi dzuwa, nkhuku zinatha ndi chitopa, koma mpunga wa kudimba kwanu sunatichititse manyazi.

Amayi, mtima wanga suli m'malo. Ndikupempha malo ku yunivesite ina yakunja kuti ndikachite digiri yachiwiri, ya masamu ndi kompyuta pamodzi. Ndikudziwa mukuseka, paja munkati ndimawerenga chilichonse kupatula nkhuku zolowa m'khola. Zofunika zonse ndalemba, aphunzitsi anga akale andichitiranso umboni. Changotsala n'kudina pafoni kuti zipite. Ndakhala ndikukwera chulu cha kuseri kwa tchalitchi chija, pamene pamagwira netiweki, koma ndikafika pamwamba ndimangotsikanso osatumiza.

Poyamba ndinkaopa kuti andikana, poti opikisana nawo anayamba kugwira kompyuta asanamere mano. Tsopano ndikuopa kuti anditenga. Sukuluyo ndi ya zaka ziwiri, ndipo mwambo wa kwathu mukuudziwa: dimba la mbumba siligonera podikira munthu. Amalume anena kale kuti ndikachoka alipereka kwa Chisomo. Sakulakwa, mnzangayo ali ndi kamwa yoti adyetse. Koma dimba limenelo munalilandira kwa agogo, n'kundisiyira ine, mwana wanu wamkazi yekhayo. Kumanda ndimangoona dothi. Kudimbako ndiye ndimakumvani mukukuwiza mbalame ndi mawu anu osasa aja. Ndikalitaya, ndizikakupezani kuti?

Munkakonda kunena kuti, "Iwe thamangira sukulu, matope undisiyire ine." Koma nthawi imeneyo munalipo, woti ndimusiyire matopewo analipo.

Kuyunivesiteko atseka kulandira makalata Lachisanu. Mawa ndikweranso chulu chija, ndipo ulendo uno ndidina. Mbewu yanu ya mpunga ndaisunga m'chigubu. Akanditenga ndidzaipereka kwa Chisomo ndi manja anga, asadzabzale ina. Ndikulonjeza kuti ndidzabwerako n'kulowanso m'matope amenewo, ngakhale dimbalo lidzakhale la mwini, ine wongothandiza kuwokera.

Ngati ndalakwa, bwerani kutulo mudzandikalipire monga kale. Kukalipa kwanu ndinakuzolowera, Amayi. Chimene chikundiopsa n'kukhala chete kwanuku.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tadala